Ndilipo, Amayi

Malemu anabadwa pa 9 Okutobala 1981, ali achitatu m'banja la ana anayi. Ine ndaimirira panoyu ndine mkulu wawo, woyamba kubadwa. Akubanja andituma kuti ndiwerenge mbiri yawo, komanso kuti ndithetse nkhani ina imene yakhala ikuyenda m'manong'onong'o chiyambire maliro ano. Ndikudziwa kuti ambiri mwabwera kudzalira nafe, koma ena mwabwera kudzayang'ana nkhope ya mlamu wathu, mkazi wa malemu. Nonse takulandirani.

Sukulu anayamba mu 1987. Kuyambira ali aang'ono sankatha kukhala pansi n'kudikira chinthu chimodzi. Mayi akawauza kuti ayang'anire madzi awire, iwo ankasiya ketulo pamoto, n'kukapukuta nsapato, n'kulemba za kusukulu, khutu lili ku ketuloko. Ikangolira, afika. Malemu bambo athu ndi amene anawapatsa dzina loti Sadikira, ndipo dzinalo linawatsatira mpaka kuntchito.

Mu 2000 anasankhidwa kupita ku koleji kukaphunzira za makompyuta. Atamaliza mu 2004, analembedwa ntchito pa kampani imene imayendetsa mauthenga pakati pa zipatala zazing'ono ndi chipatala chachikulu, monga zotsatira za magazi ndi kuitana ambulansi. Iwo ankalemba mapulogalamu a makina apakati, amene zipatala zonsezo zimalumikizanapo. Ananditanthauzira ntchitoyo kambirimbiri. Ankati pulogalamu yakale inali ngati kalaliki wa pawindo amene amaima kudikira munthu mmodzi akupisapisa m'thumba, mzere ukutalika mpaka panja. Yawoyo sinkadikira aliyense. Inkatchera khutu kwa onse nthawi imodzi, amene wakonzeka n'kumuthandiza. Netiweki ikavuta, mawu ankasungidwa kaye m'kankhokwe mpaka njira itatseguka. Ndipo makina awiri asanauzane kalikonse, ankayamba agwirana chanza, kuonetsana kiyi, kenako n'kumalankhula mawu otsekedwa oti wapanjira sangawamve.

Ine ndinagwira ntchito ya ulonda pa geti mpaka kupuma, ndipo chikwama chimene sindinachitsegule sindichikhulupirira. Ndinawafunsa kuti munthu wosabisa kanthu amatsekeranji mawu ndi kiyi. Anaseka, n'kundifunsa ngati ndingakonde kuti aneba aziwerenga zotsatira za magazi anga. Sindinakhutire.

Mu 2010 anamanga banja ndi mlamu wathuyu, mphunzitsi wa masamu, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana awiri, wamkazi ndi wamwamuna. Mlamu ndi munthu wosalankhulalankhula. Tonse tikudziwa kuti munthu wofatsa anthu amamulankhulira, ndipo pakati pathu sanasowe omulankhulira.

Mu 2016 bambo athu anatisiya. Mayi anakanitsitsa kusamuka m'nyumba yawo, ngakhale kunali kutali ndi tonsefe. Malemu anawagulira foni, n'kuikonza okha. Mayi amaizimitsa pogona kuti batire isathe, n'kuiyatsa akadzuka. Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse akangoiyatsa, pankafika uthenga wa mawu awiri: "Ndilipo, amayi." Mayi ankaonetsa aliyense wobwera kudzacheza, ndipo ife ana enafe tinkangooneka ngati osasamala. Ine zinkandikayikitsa. Munthu wotanganidwa chonchija, woiwala ngakhale tsiku lobadwa la mkazi wake, angalembe bwanji m'mawa uliwonse osaphonya, osalakwitsa n'chilembo chomwe? Nditawafunsa, anangoti m'mawa sawaiwala. Mu 2019 foni ija inagwera m'beseni la zovala, n'kufa. Madzulo a tsiku lotsatira malemu anatulukira pakhomo pa mayi, thukuta lili kamukamu, asanaitanidwe ndi munthu. Mayi anati mwana wawo analota. Ine ndinati zamaloto ayi, alipo amene amamuuza, ndipo ndinakhala miyezi ndikuyang'ana aneba a mayi ndi diso loipa.

Mu Meyi chaka chino malemu anayamba kutupa miyendo. Madokotala anapeza kuti impso sizikugwira bwino ntchito. Analetsa mlamu kuuza mayi, poti mayi ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ife abale awo tinauzidwa atagonekedwa kale m'chipatala mu Julaye. Ndinawapeza laputopu ili pamiyendo, diripi ili pamkono, akuyankha mafunso a kuntchito. Anatilonjeza tonse kuti mayi awauza okha akangopezako bwino. Munthu amene sankadikira ketulo anadikira chinthu chimodzi chokhachi, ndipo sichinabwere. Anamwalira masana a Lachiwiri lapitali, mkazi wawo ali pambali pa bedi.

Tsopano ndifike pa nkhani ija. Uthenga wa imfa sitinafune kuti mayi aumvere pa foni, choncho ndinanyamuka ndekha, n'kufika m'mawa wa Lachitatu. Nditawauza, mayi sanalire. Anandiyang'ana ngati ndaledzera, n'kutulutsa foni m'thumba la epuloni, n'kundionetsa uthenga umene unali utangofika kumene. Mawu ake anali awiri omwe aja. Thupi la mng'ono wanga linali mu motchale, ndipo foni yake inali m'chikwama cha mlamu.

Anthu olira maliro, zimene zinanenedwa pambuyo pake mukuzidziwa, poti ena mwa inu ndinu amene munazinena. Akuti mlamu ndiye ankalemba mauthengawo nthawi yonse ya matenda, kuti mayi asabwere kudzaona mwana wawo. Akuti analemba ngakhale mwamuna atatsirizika, kuti apeze mpata wochotsa zinthu m'nyumba. Ena anafika ponena kuti munthu wamtima wotere sangasiyiridwe ana, ndipo tikangochoka kumanda akubanja awatenge. Mlamu atafunsidwa anangoti sanalembe, ndipo za uthengawo sakudziwa kanthu. Yankho lalifupi chonchi silinathandize.

Lachinayi kunabwera mayi wina amene ankakhala desiki yoyandikana ndi ya malemu kuntchito. Anayang'ana foni ya mayi athu, amene tinali titabwera nawo kumaliro, anazungulira m'nyumba ya malemu, n'kuloza kabokosi kakuda pamwamba pa firiji, kokhala ndi kagetsi kobiriwira, kamene tonse tinkati n'ka wailesi yakanema. Anati malemu anaikamo pulogalamu yonga ya kuntchito ija. Kabokosiko sikawerenga nthawi, kamangotchera khutu. Mayi akayatsa foni, foniyo imakagogoda, awiriwo n'kugwirana chanza, kabokosi n'kuyankha mawu aja. Dzuwa likafika pamutu foni ya mayi isanagogode, kabokosiko kankaimbira malemu. Maloto a mu 2019 aja anali amenewo. Anatinso njirayo ndi yotseka, kiyi wake anali ndi malemu okha, moti palibe wina angalowetsemo mawu.

Kufotokoza kwake kunali kosalala kwambiri, ndipo ine zosalala ndimaziopa. Wakuntchitoyu ndi mlamu amadziwana, ndiye ndani akanatitsimikizira kuti sanapangane? Mayinso anati iwo sakhulupirira bokosi, akufuna aone ndi maso. Choncho lero m'mawa, tisanatuluke kubwera kuno, tinasonkhana pabalaza. Ndinatenga foni ya malemu, ya mlamu, ya ana, ndi ya wakuntchito uja, n'kuzitsekera m'galimoto, kiyi m'thumba mwanga. Wakuntchitoyo ndinamupempha mwaulemu kuti aike manja patebulo, ndipo anaika. Mayi anati zimenezo sizokwanira, foni munthu atha kubisa ngakhale m'malaya. Anaitana mpongozi wawo kuti akhale pafupi, n'kumugwira manja onse awiri zolimba, ngati mmene amagwirira mwana wofuna kuthawa jakisoni. Mlongo wathu ndiye anayatsa foni ya mayi n'kuiika pakati pa tebulo.

Tonse tinapenyetsetsa foniyo. Kagetsi ka pa firiji kanaphethira, foni n'kulira. Mlongo wathu anawerenga mokweza mawu awiri aja, ndipo apo m'pamene mayi analira koyamba chimvereni za imfayi.

Choncho m'malo mwa banja ndikunena poyera, kuti amene ali kumbuyo amve, ndi amene anatsala kunyumba akauzidwe: mlamu wathu sanalembe uthenga uliwonse. Anasunga mawu amene mwamuna wake anamusungitsa, n'kusamala wodwala, n'kusenza zonenedwa zathu osayankha. Ana akhala ndi mayi awo, m'nyumba yawo. Amene ali ndi mafunso ena abwere kwa ine, ndimawakonda mafunso. Ine langa latsala limodzi, ndipo likundiwawa: munthu anamanga makina omvetsera ngati mayi ake adzuka, nanga iyeyo ankamumvetsera ndani? Ameneyu woti andiyankhe wagona apa. Kabokosi kaja sindinayambe kukakhulupirira, koma mayi alamula kuti pasapezeke wokazimitsa kufikira atanena okha, ndipo ndidzakalondera ndine.

Tikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anayesetsa, aneba amene anatibwereka mipando ndi kutithandiza kulandira alendo, aphunzitsi anzake a mlamu, ndi akuntchito kwa malemu, makamaka mayi uja amene analola kuika manja patebulo osakwiya. Tikuthokozanso nonse amene mwasiya ntchito zanu kuti mudzatiperekeze.

Malemu asiya ana awiri, abale atatu, ine, mlongo wathu ndi mng'ono wathu wotsiriza, kuphatikizapo ana a abale ambiri amene ankawakonzera mafoni osadandaula. Asiyanso mayi awo ndi mkazi wawo. Amene munabwera kudzayang'ana nkhope ya mlamu, yang'anani kutsogolo kuno, pafupi ndi bokosi la maliro. Mafoni ndinabweza kalekale, mayeso anatha, koma manja aja mayi sanawasiyebe.

A Sadikira, mng'ono wanga, palibenso wogogoda woti mumutcherere khutu. Mzimu wanu uuse mumtendere.