Davis Mhone, Wokonza Mapeto a Nkhani

Malemu amene tikuwaperekeza lero ndi bambo Davis Paston Mhone. Anabadwa pa 9 Ogasiti 1968 konkuno ku Nkhata Bay, kumtunda kwa doko. Anali mwana wachiwiri mwa ana asanu a malemu bambo Paston Mhone ndi malemu mayi Dyness Nyamanda.

Ine wowerengane ndine Doris Nyamhone, mlongo wawo wa bambo awo, azakhali, kapena kuti ankhazi monga tinenera kwathu kuno. Sukulu ndinalekezera Sitandade 2, choncho mukaona ndaima pakati, ndikulimbana ndi zolemba zanga zomwe. Akomiti ya maliro anafuna kuti pepalali awerenge aphunzitsi. Ndakana, chifukwa muli mawu oyenera kutuluka pakamwa panga. Chiyambire Lachiwiri pasiwa pano pakuyenda manong'onong'o akuti mayi Prisca, akazi a malemu, anabisa matenda a amuna awo, anawasunga m'nyumba mpaka kufa. Ena ayamba kale kufunsa za makiyi a nyumba. Makutu angawa ndi okalamba, koma miseche amaimva bwinobwino. Nkhaniyo ndiifika. Tiyambe ndi poyambira.

Malemuwa ndinawabereka kumsanaku, ndinawasambitsa, ndinawakwapulapo. Lero ndikuwatchula mwaulemu chifukwa anditsogolera, ndipo zikundiwawa. Ndine ndimayenera kugona m'bokosimo, iwo n'kuima pano n'kumandinamizira zabwino.

Sukulu anayamba mu 1975. Atangodziwa zilembo, mtendere unatha pakhomo. Tsiku lina ndinawatuma mchere kumsika. Wogulitsa anakulunga mcherewo m'pepala long'ambidwa m'buku, iwo n'kumamasula pang'onopang'ono kuti awerenge akuyenda. Anafika ndi pepala lokha, mchere wonse uli m'njira. Ndikuwakwapula, chimene ankalirira sichinali mkwapulo ayi, koma kuti nkhaniyo inadukira pakati. Mu 1984 anasankhidwa kupita ku sekondale ku Mzuzu, ndipo anakhoza mayeso a Fomu 4 mu 1988.

Ntchito yoyamba anaipeza mu 1989, yaukalaliki wa katundu padoko. Sitima ya Ilala ikafika ankalemba matumba ndi migolo yotsika ndi yokwera. Ikachoka ankakhala pamthunzi ndi mabuku amene apaulendo ankawasiyira, kenako n'kumafotokozera onyamula katundu zimene awerengazo m'Chitonga. Anthu akuluakulu andevu ankaiwala kupita kukadya.

Mu 1994 anamanga banja ndi mayi Prisca Nyachirwa ku mpingo wathu wa Chipresibeteriya. Ankhoswe atatha kulangiza, ine ndinakokera mkwatibwi pambali n'kumuuza kuti, "Mwanawe, ukulowa mitala. Akazi anzako ali m'katoni pansi pa bedi, ndipo ndi ambiri." Anaseka. Zaka makumi atatu ndi chimodzi wakhala akupukuta fumbi akazi anzakewo, mabukuwo, osadandaula.

Mu 1996 malemu anasiya ntchito ya padoko n'kutsegula vidiyo kuseri kwa msika: chisakasa cha malata, mabenchi asanu ndi atatu, TV imodzi, deki yoikamo matepi a mafilimu ndi kajenereta. Mchimwene wanga, bambo awo, anakhala miyezi iwiri osawalankhula. Ankati mwana wa Fomu 4 sangataye cholembera kuti azionetsa anthu akumenyana. Ine ndinali woyamba kukhala pabenchi lakutsogolo, nditavala duku la kutchalitchi kuti mchimwene wangayo apse mtima bwino.

Amene munalowamo mukukumbuka. Mafilimuwo anali a zilankhulo zakutali, ndiye malemu ankaima pambali pa TV ndi kandodo n'kumamasulira. Msilikali wa kunja kwa nyanja zikuluzikulu ankasanduka ada Kamanga, bambo wa kwathu konkuno, chigawenga n'kukhala wa ku Chintheche. Asodzi ankabwera masana akadzuka, maso ali ofiira, n'kumaseka mpaka kugwa pabenchi.

Koma anali ndi khalidwe limodzi, ndipo ndikupempha mulisunge m'mutu. Filimu ikamapita koipa, munthu wabwino ali pafupi kufa, malemu ankatsokomola kamodzi, n'kukanda khutu lakumanzere, kenako n'kunena kuti deki yatentha. Ankazimitsa, n'kumaliza nkhaniyo ndi pakamwa. Wolasidwa uja ankachira, ankabwerera kwawo, ankakwatira, mwinanso n'kugula injini ya boti. Anthu ankatuluka akuwomba m'manja.

Anawaulula ndi a Masuzgo, amene nthawi imeneyo anali kondakitala wa minibasi ya ku Mzuzu, ndipo ndawaona ali apo. Anaimirira pakati pa anthu n'kukuwa kuti, "Bodza ilo, ada! Filimu iyi ndinaionera ku Mzuzu, munthuyu amafa!" Msodzi wina anawabweza kuti, "Akafere ku Mzuzu komweko, kuno safa. Khala pansi!" A Masuzgo anakhala pansi, ndipo mawa lake anabweranso.

Ine ndinawafunsa malemu chifukwa chake ankanamiza anthu. Anandiyankha kuti, "Ankhazi, anthu awa chaka chilichonse amaika anzawo omira panyanja. Maliro ali nawo okwanira. Asabwere kwa ine kudzaonanso ena." Ndinaseka tsiku limenelo. Ndikanadziwa sindikanaseka.

Pofika 2006 ma TV anali atachuluka m'makomo ndipo mabenchi anayamba kukhala okha. Malemu anatseka vidiyo. Anakhala miyezi isanu ndi iwiri opanda ntchito, banja likudya za geni ya usipa ya mayi Prisca. Kenako analembedwa ntchito panyumba yowerengeramo mabuku imene bungwe lina linatsegula pafupi ndi boma. Mu 2009 anakachita maphunziro osamalira mabuku ku Mzuzu n'kubwera ndi setifiketi, imene inapachikidwa pabalaza pamwamba pa chithunzi cha ukwati. Mu 2016 anakwezedwa kukhala woyang'anira nyumbayo. Ankati pa ntchito zawo zitatu, ya padoko inawadyetsa, ya vidiyo inawatchukitsa, koma ya mabuku ndi imene ankadzukira osadzutsidwa. Ambiri muli pano ndi mataye munaphunzirira mayeso patebulo lawo.

Kumpingo anabatizidwa ali khanda, analowa chikhristu mu 1985, ndipo mu 2012 anadzozedwa kukhala mkulu wa mpingo. Ankaphunzitsanso kalasi. Za m'Baibulo zokha sankasintha, poti abusa anali pafupi.

Amuna anga atamwalira mu 2011, malemu anayamba kubwera kwanga Loweruka lililonse masana ndi buku. Ankawerenga Chingerezi m'maso, pakamwa n'kumatuluka Chitonga. Zaka khumi ndi zitatu, ndipo m'mabuku onsewo simunafe munthu wabwino ngakhale mmodzi. Ndinkadziwa. Ndikamva katsokomola kaja, ndikaona dzanja likupita kukhutu, ndinkangoti mumtima, eya, deki yatentha. Sindinkawatsutsa. Nkhalamba yogona yokha m'nyumba imafuna zotero.

Tsopano ndafika pa matenda.

Chaka chatha mwezi wa Juni malemu anayamba kuonda ndi kudandaula m'mimba. Mayi Prisca anawakakamiza kupita kuchipatala, ndipo anapita. Anawatumiza ku Mzuzu kukaunikidwa. Kumeneko anapita okha, atakana kuperekezedwa, ati akakatengenso mabuku a kuntchito. Atabwera anauza banja lonse kuti ndi zilonda za m'mimba, zongofuna phala ndi mapiritsi.

Loweruka lina mu Okutobala akundiwerengera, m'bukumo munagwa pepala lopindidwa, lokhala ndi chidindo cha chipatala. Ndinaliponda ndi phazi iwo asanalitole. Chingerezi sindichidziwa, koma chidindo ndimachidziwa. Ndinati awerenge. Anatsokomola kamodzi, dzanja n'kupita kukhutu, n'kuyamba kuti, "Akuti zilonda zikupola bwino."

Ndinati, "Davis, ine si msodzi wa pabenchi. Tsitsa dzanjalo, uwerenge zimene zalembedwa. Ukakana ndipita nalo kwa abusa akandiwerengere."

Anatsitsa dzanja. Kenako anawerenga, osatsokomola. Inali khansa ya m'chiwindi, ndipo inali itafalikira kale. Madokotala anawauza kuti chotsala ndi mankhwala ochepetsa ululu basi.

Ndinati tiyeni tikauze akazi anu lero lomwe. Anandigwira mwendo, munthu wamkulu, mkulu wa mpingo. Anati, "Ankhazi, Prisca ali ndi BP, angagwe ine ndisanagwe. Mwana wathu Shalom watsala miyezi yochepa kuti amalize kosi yaunamwino, akamva asiya sukulu abwere. Palibe chimene angasinthe. Ndisiyeni ndiwapatse miyezi iyi ali osangalala." Ine, Doris, amene simundiuza chinsinsi chifukwa chimafika kumsika inu musanafike kwanu, chinsinsi ichi chokha ndinachisunga. Miyezi isanu.

M'miyezi imeneyo ndinaona ndi maso angawa mayi Prisca akuphika phala la mtundu uliwonse, akusaka nsomba zofewa padoko m'mamawa, akuwapempha mogwada kuti abwerere ku Mzuzu. Iwo ankangoti mankhwala akugwira, n'kumeza phalalo mokakamiza kuti akazi awo aone. Kawiri konse mayiwa anabwera kwanga akulira, kundipempha kuti ndiwalankhule, poti ine amandimvera. Ine ndinawauza nthabwala. Ndinati amuna onse a kwa Mhone ndi oonda, ndi mtundu. Anapita kwawo akuseka.

Lachisanu lapitalo malemu anakomoka pakhomo. Mayi Prisca ndiwo anathamanga kukafuna galimoto, ndipo kuchipatala n'kumene anamva koyamba dzina la matendawa, kuchokera kwa dokotala, ataimirira pakhonde. Malemu anatisiya Lachiwiri pa 11 Malichi 2025, dzuwa litakwera, ali ndi zaka 56. Shalom anafika thupi litazizira kale.

Ndiye inu a kwa Mhone, abale anga, ndimvereni. Gordon, mwana wa mchimwene wanga, dzutsa mutu, ndikulankhula ndi iwe. Mkazi uyu sanabise kanthu. Anabisiridwa. Anabisa ndi mkulu wako amene wagona apayu, ndipo womuthandiza ndinali ine. Pepala lija ndili nalo pano m'chitenje, aliyense wodziwa Chingerezi abwere aliwerenge tikachoka kumanda. Amene akufuna wolozedwa chala, ndine pano, nyumba yanga mukuidziwa, ili ndi chitseko chimodzi. Koma makiyi a nyumba ya Davis akhala m'manja mwa Prisca. Ndanena ine ankhazi, pamaso pa abusa, mafumu ndi anthu onsewa.

Prisca mwanawe, ndi iwe Shalom, malemu ankakukondani, koma analakwa, ndipo ine ndinalakwa nawo. Tinakulandani nthawi yotsanzikana. Filimu ukaizimitsa anthu amapita kwawo akuseka. Izi tinazimitsa, koma mapeto ake afikabe, ndipo akupezani musanakonzeke. Sindikupempha kuti mundikhululukire lero. Ndidikira, ngakhale kuti pa msinkhu wangawu musachedwe kwambiri.

Malemu asiya akazi awo, mayi Prisca Nyachirwa. Asiya ana atatu: Andrew, Bridget ndi Shalom. Asiya zidzukulu zinayi. Asiya mng'ono wawo Gordon, ndi alongo awo awiri, popeza mkulu wawo anatsogola kale. Asiyanso azakhali amodzi, ine, ndi buku limene tinalekezera pakati. Lili pampando pomwe analisiya. Shalom, ukadzafuna kundiona, udzandiwerengere mpaka kumapeto, ndipo wakufa udzamusiye afe.

Davis mwana wanga, mbiri yako ndaiwerenga yonse, ndipo khutu sindinakande.

Bambo Davis Paston Mhone apumule. Mu mtendere wa Ambuye wawo, apumule.