Belu Limene Linagwaditsa Apongozi Anga

Ndikulumbira pali Mulungu, matayala a njinga zanuzi aphulike onse pompano ngati m'nkhaniyi muli bodza ngakhale limodzi! Khalani pansi anyamata inu, matelefoniwo alowe m'matumba.

Kalekale, nkhondo isanatibalalitse, ndili kamwana, amalume ananditenga ku Mocuba, ndipo kumeneko ndinaona komboyo, ija anzathu a kutsidya amati sitima, chinthu chakuda bii chofuka utsi, pamsana pake belu lalikulu ngati mtondo. Woyendetsa wake anandiuza kuti mluzu ndi wa anthu akutali, koma belu ndi la apafupi: sitima ikamalowa kapena kunyamuka pa siteshoni amaliza ngele ngele kuti anthu ndi mbuzi achoke m'njanji. Osati zanu za lerozi, zoliza hutala wa njinga yamoto munthu mutamugunda kale.

Mtendere utabwera tinabwerera kuno ku Milange kuchokera ku kampu ya othawa nkhondo, ndipo chuma changa chonse chinali zitini za mafuta zopanda kanthu ndi mtima wofuna Rozalina. Ankhoswe anapitako, koma amayi ake, mayi Filomena, anangoti, "Zuze ameneyu, kupatula kulongolola, manja ake amadziwa chiyani? Tikuyankhani Lamulungu." Mukuseka chiyani? Nthawi imeneyo mkazi sitinkafunsira pa foni.

Ndinati aone manja anga. Ndinakhoma komboyo yangayanga: matayala anayi a njinga, thupi la zitini, chumuni ya nsungwi, chingwe chokhotetsera. Mabuleki ndinati ndiika mawa. Chinatsala ndi belu, pakuti sitima yopanda belu ndi ngolo chabe, ndipo akatekisi athu, munthu wabwino, anandibwereka kabelu ka pa Misa. "Kabwere Lamulungu lisanafike, Zuze."

Loweruka, tsiku la msika, ine ndi mnzanga Manuwele tinaikankhira kumtunda kwa phiri la Tumbine, iye anayatsa zitsononkho zonyowa m'chumuni kuti utsi utuluke, tinakwera, basi uyoo kutsetsereka! Mphepo m'makutu fyuu, agalu kuthawa, ine mtima mbee. Koma titangokhota pa mtengo wa mango uja, taonani amayi a mpingo wathu adzaza msewu wonse kupita kumsika, ndipo pakati penipeni mayi Filomena, dengu la mazira pamutu.

Tsono inu a lero mumadya mbale imodzi ndi apongozi, koma ife kuwayang'ana kumaso kokha unali mlandu, nanji kuwakuwira kuti chokani! Ndinati belu lindiyankhulire. Ngili ngili ngili!

Ana inu, ndinaiwala chinthu chimodzi. Kuno njanji kulibe, ndipo kabelu kameneko amayiwo ankakadziwa kuyambira ubwana wawo, kamalira ansembe akamakweza Ukaristia. Atangokamva, n'kuonanso utsi ngati wa lubani, onse gwade pakati pa msewu, mitu pansi, manja pachifuwa. Ndikaliza mwamphamvu, iwo kuweramirabe.

"Auze achoke!" anakuwa Manuwele kumbuyo kwanga.

"Ndi apongozi, iwe! Uwauze ndiwe!"

"Ine ndikutsika!" Ndipo anadziponya m'chinangwa cha eni.

Ndinatsala ndekha, mazira akuyandikira, ukwati wanga ukutha ndikuona. Ndinakoka chingwe ndi mphamvu zanga zonse, komboyo inasiya msewu, inakwera chulu, n'kuuluka! Ndinaona msika wonse pansi panga ngati nyemba pa lichero, ndinadumpha mtsinje wa m'malire osanyowa, mpaka gwaa ku Muloza, pamapazi pa msilikali wa pamalire. Iye anayang'ana ine, anayang'ana chumuni ikufukabe, n'kunena kuti, "Achimwene, zaka zonsezi takhala tikudikira sitima kuno, lero yabwera yopanda ndi dokumento yomwe? Chiphaso chake chili kuti?" Anandibweza wapansi, ndikutsimphina, kabelu m'manja.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi, mayi Filomena anaitana ankhoswe, ine nditabisala kuseri kwa nthochi monga mwa ulemu. Ndinawamva ndi makutu angawa: "Manja ake ndawaona, ndi opusa. Koma mnyamata wolola kuthyola mwendo m'malo mondikuwira pagulu, mpatseni mwanayo. Dzira silinasweke ndi limodzi lomwe." Ndiye agogo anu a Rozalina ndi amenewo, mpaka lero akamva belu la njinga amandifunsa ngati agwade.

Choncho anyamata, lizani mabelu anu msanga, munthu akadali patali, koma muziyamba mwadziwa kuti m'makutu mwake belulo likunena chiyani, ndipo mabuleki musamati mawa.

Iwe Paulo, popa tayalalo, chigamba chauma. Haa, zoulukira ku Muloza zija ndangothirako mchere. Ndinagwera m'khola la nkhumba za apongozi omwewo.