Manda a Amuna Anga Ali ku Boksburg

Abale ndi alongo mwa Ambuye, ndikupempha mundimvetsere. Abusa atandiuza kuti lero ndiime pano, ndinafuna kunama kuti madamu andiitana kuntchito. Koma ndaima, ndipo ndiyankhula.

Ambiri mumandidziwa. Ndine Nambewe, mayi a Mphatso, kwathu ndi ku Ntcheu. Ndinabwera ku Joni ndili mtsikana, ndi chikwama chimodzi. Ndinapeza ntchito ya m'nyumba ku Boksburg, ndipo ndinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya abwana. Mlungu wonse unkatha osayankhula Chichewa ndi munthu. Loweruka likafika ndinkapita ku shabini. Musaganize kuti mowa unkandikomera, ayi. Ndinkamwa kuti ndiiwale kuti ndilibe wanga m'dziko la eni.

Mpingo uno ndi umene unanditola. Mayi wina wa pano anandimva ndikuyankhula Chichewa pa foni mu tekisi. Anandifunsa kwathu, ndipo Lamulungu lotsatira anabwera kudzanditenga pageti. Nditalowa muno n'kumva nyimbo za kwathu, ndinalira ngati mwana. Botolo ndinalisiya. Ndinabatizidwa pano, ndinavala yunifolomu ya amayi pano, ndipo ndi pano pomwe ndinakumana ndi a Phiri, amene ankagwira ntchito ya ulonda ku Wadeville. Ukwati wathu munavina ndinu.

Mulungu anatipatsa mwana mmodzi, Mphatso. Sanafike poyenda. Tinamuika ku manda a ku Boksburg, ndipo palibe anadabwa, poti anali khanda. Mwana wina sanabwerenso. A Phiri akakhala pa ofu ankakwera tekisi kukazula udzu pa kamanda kaja.

Atadwala, matenda atakula, anandiitana pafupi m'chipatala. Mawu awo ndimawamva mpaka lero.

"Mayi a Mphatso, ndikapita musandinyamule. Mundigoneke pafupi ndi mwana wanga. Ali yekha kuja."

Ndinawauza kuti asayankhule zotero, achira. Iwo anandigwira dzanja mpaka ndinavomera. Tinali awiri basi, panalibe mboni.

Inu mukudziwa mwambo wathu kuno. Munthu wamkulu akamwalira, thupi limapita kumudzi. Ndi ulemu wathu, ndi chimene chimatisiyanitsa ndi otayika. Ine ndemwe ndaperekezapo maliro ambiri, kuimba mpaka galimoto itakhota. Ndiye a Phiri atatisiya, abambo a mpingo anathamanga mwachikondi, galimoto n'kupezeka, njira ya ku Tete n'kukonzedwa. Pamenepo ine ndinaimirira m'nyumba ya siwa n'kunena kuti thupi silipita.

Ndinafotokoza zimene malemu ananena. Ena anapukusa mitu, ena anatuluka. Achibale a kumudzi anakalipa pa foni, koma amenewo sindinawadabwe. Tinaika maliro tili anthu ochepa, nyimbo yake yosamveka n'komwe.

Zimene zinatsatira ndi zimene zandiimika pano.

Zinayamba pang'onopang'ono. Moni wa pakhomo unasanduka wa nsonga za zala. Ndikakhala pa benchi, amene ali pambali ankakumbukira mwadzidzidzi kuti pamphepete pali mphepo yabwino. Tsiku lina ndinatsegula foni n'kupeza kuti andichotsa pa gulu la amayi. Kenako mawu anayamba kundipeza. Akuti ndataya mwamuna kutchire ngati galu. Akuti ndinaopa kuti achibale akaona thupi adziwa chimene chinawapha. Akuti ndili ndi mwamuna wa konkuno amene ndinkafuna kumasukira. Ine, amene ndinkawatembenuza pabedi ndi manja angawa!

Lamulungu lina linali la tiyi titaweruka. Ndinakazinga mandasi beseni lodzaza, monga ndinkachitira kale, amene ana anu ankalimbirana. Ndinaliika patebulo. Mabeseni ena onse anatha. Langa linabwerera lodzaza, nsalu yake yosavundukula. Ndinamva mayi wina akukoka mwana wake n'kumunong'oneza kuti za pamenepo asagwire. Nditacheuka ndinaona kuti ndi mayi uja ananditola mu tekisi.

Abale, chidani cha kunja chimapiririka. Munthu akakutukwana pa renki ya matekisi chifukwa ndiwe mlendo, umadziwa kuti Lamulungu ukapuma pakati pa anzako. Nanga akakukana a m'nyumba ya Mulungu uthawira kuti? Ndinayamba kuopa Lamulungu. Lachisanu likafika mtima unkayamba kuthamanga. Kuntchito ndinaswa mbale za madamu, ndipo iwo anandifunsa ngati ndikudwala. Kupemphera kunandikanika, chifukwa ndikatseka maso ndinkangoona nkhope zanu. Ndinayamba kudzifunsa kuti kapena anthu onsewa akunena zoona, kapena Mulungu nayenso wasuntha pa benchi.

Tsiku lina ndinavala bwinobwino, n'kukwera tekisi yobwera kuno. Ndinafika pageti apo, nyimbo ndikuimva. Miyendo inakana. Ndinabwerera, ndipo mapazi anga anakumbukira okha njira imene ndinaisiya kalekale. Ndinagula botolo, ndili mu yunifolomu, n'kuliika m'chikwama pamodzi ndi Baibulo. Manyazi anandigwira kuti ndimwere pamenepo. Ndinati ndikamwere kumanda, kwa anthu anga awiri amene sangandinene.

Ndinakhala pansi pakati pa manda a bambo ndi a mwana. Ndinawakalipira a Phiri, ndisaname. Ndinati inu mwagona phee, ine mwandisiyira moto. Botolo ndinalitulutsa, ndinalibweza, ndinalitulutsanso. Ndinkadziwa kuti ndikangotsegula, kuno sindidzapondanso, ndipo Nambewe wa ku shabini uja wabwerera.

Dzuwa litapendeka ndinamva munthu akutsokomola. Anali a Gama, madala athu aja amakhala kumbuyo uko, amene anagwira ntchito m'migodi ife tisanabadwe. Anali ndi kakhasu m'manja. Botolo analiona, ine ndinaona kuti aliona. Anangondiuza kuti ndiwatsate. Tinayenda kupita kumanda akale, kumene udzu unafika m'mawondo. Anayamba kuloza manda ndi khasu lawo. Uyu wa ku Dedza, uyu wa ku Mzimba, uyu tinkagona chipinda chimodzi. Anati akaweruka kutchalitchi amabwera kudzawalambulira, poti abale awo sadziwa n'komwe pamene anagona.

Ndinawafunsa ngati sizikuwawawa kuti anzawo anagona kutchire. Anandiyang'ana ngati ndafunsa zopusa.

"Hayikhona, ayi ndithu, mwana wanga. Kodi lipenga likadzalira lidzangomveka ku Ntcheu kokha?"

Anapitiriza kulima, ine n'kubwerera pamalo panga. Ndipo pamenepo chinthu chinandifikira chimene ndinachimva kambirimbiri osachimvetsa. Ambuye Yesu kwawo kunali ku Nazarete. Atafa palibe anawanyamula kupita nawo kumudzi. Anagona m'manda a eni, kutali ndi kwawo, pamaliro pali anthu owerengeka. Amene ankadya nawo mbale imodzi anali atathawa, wina atalumbira kuti sawadziwa. Ndipo m'manda a eni omwewo ndi mmene anaukira.

Ndinagwada pa dothi ndi yunifolomu yanga yoyera. Ndinati Ambuye, ndiye kuti Inu mukudziwa. Ndinazindikira kuti zaka zonsezi ndinkatsamira pa chikondi cha mpingo, ndipo chitasuntha ndinagwa nacho. Mpingo unandichotsa ku shabini, zoona, koma amene anandifera si mpingo. Tsiku limenelo ndi limene ndinapereka moyo wanga kwa Yesu mwini wake. Mowa uja ndinauthira m'ngalande ya kunja kwa mpanda, a Gama akuyang'ana kumbali ngati sakuona.

Sindinena kuti zonse zatha. Ndinganame pamaso pa Mulungu. M'mawa uno pageti miyendo inafunanso kukana. Alipo muno amene mpaka lero amandiyang'ana ndi diso la nkhwezule, ndipo sindikudziwa ngati ndikatsika pano wina andipatsa dzanja lonse. Mantha ndili nawo. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano ndimalowa nawo mantha angawo, sindibwerera nawo.

Kukhululuka ndikuphunzira, ndipo kumavuta. Masiku ena ndimakhululuka m'mawa, pofika masana ndakwiyanso, n'kuyambiranso. Ndaona kuti ambiri simunandide chifukwa cha nkhanza. Tonse muno timaopa chinthu chimodzi, kufera kuno n'kuiwalika. Manda a amuna anga anakukumbutsani mantha amenewo. Inenso ndimaopa. Kwa mayi amene munanditola mu tekisi, sindikutchulani dzina. Ndingoti zikomo, chifukwa mukanapanda inu sindikanamudziwa Yesu amene wandigwira pamene inu munanditaya.

Mwambo wathu sindikuunyoza. Mawa wina akatisiya, ndidzakhala woyamba kuimba poperekeza galimoto. Ine ndinangosunga mawu a munthu amene anandigwira dzanja ali kumapeto, ndipo lero atandifunsanso ndikhoza kuvomeranso.

Alemekezeke Mulungu amene sanyansidwa ndi manda a alendo. Alemekezeke Yesu amene anandipeza ndili ndi botolo m'chikwama, osandithawa pa benchi. Ngati muno muli wina amene amafika pageti n'kubwerera, amene amamwetulira koma Lachisanu mtima ukuthamanga, usapite kumene ndinkapita ine. Bwera kwa Iye, amadziwa kukanidwa ndi ake.

Ine ndikubwerera pamalo panga, benchi yachitatu kumanzere. Pambali panga pakhala popanda munthu nthawi yaitali, ndipo malowo akadalipo. Mandasinso ndabweretsa, ali patebulo kunjako. Amen.