Mafoloko Khumi ndi Anayi

Biswick anatsika sitima pa Barking Loweruka m'mawa akukoka sutikesi yaikulu yopanda kanthu, ndipo azakhali ake, mayi Etta, atangoilandira pakhomo n'kumva kupepuka kwake anadziwiratu kuti mwana wa mchimwene wawoyu sanabwere kudzangowaona. Iye anali namwino panyumba yosamalira okalamba m'katauni kena kufupi ndi Kassel ku Germany, komwe anali atatha miyezi isanu, pomwe azakhaliwo anali atagwira unamwino mu London zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndipo anali asanamukhululukirebe posankha dziko la chiyankhulo chopota lilime iwo alipo.

Biswick ndi munthu woti ukamuuza kuti akudikire pompano, umakam'peza pompo ngakhale mvula itagwa. Atamwa tiyi anatulutsa kapepala kopinda kanayi, n'kukawongola bwinobwino patebulo.

"Azakhali, ndikufuna mandasi sikisite. Ndinyamuke nawo mawa, Lolemba ndikalowe nawo kuntchito."

"Wayamba geni?"

"Ayi. Ndi oti akadye anzanga."

"Kuli maliro?"

"Kulibe."

"Nanga wakwatira osatiuza?"

"Ndikanakuuzani. Ndi a phwando londilandirira."

"Akukulandira ndani?"

"Anzangawo."

"Wophika ndani?"

"Ineyo. Kapena tinene kuti inuyo, chifukwa ine ndayesa kawiri. Oyamba anatuluka ngati miyala. Achiwiri alamu ya moto inalira, a nyumba yonse anatulukira panja."

Azakhali anaika kapu pansi pang'onopang'ono. Biswick anafotokoza modekha, monga momwe amafotokozera odwala za mankhwala, kuti kumeneko munthu akayamba ntchito pamalo atsopano, iyeyo ndiye amabweretsa chakudya kuti anzake adye, ndipo mwambowo amautcha Einstand. Anawonjezera kuti miyezi yake isanu ndi umodzi yomuyesa ikutha kumapeto a mwezi womwewo, ndipo bwana wake, mayi Renate, anali atalemba kale pafomu kuti ntchito amaidziwa koma ndi anzake sagwirizana. Mawu amenewa ndi omwe ankamusowetsa tulo. Ntchito ikanatha, chilolezo chokhalira m'dzikomo chikanalowanso m'madzi.

"Ndiye mlendo aphikire eni mudzi," anatero azakhali.

"Eya."

"Iwe, unalakwa chiyani? Chimenechi n'chindapusa. Usandibise."

Biswick anaganiza kaye mofatsa, poti funso lafunsidwa. Anavomera kuti sabata yoyamba anataya botolo m'bini ya mapepala, ndipo Lamulungu lina anachapa zovala pamakina, woyandikana naye n'kumusiyira kakalata pachitseko. Anawolokanso msewu kamodzi getsi lili lofiira, gogo wina n'kumuloza ndi ambulera. Koma zonsezo, iye anati, zinachitikira kunyumba ndi mumsewu, kuntchito sakuzidziwa.

"Ndiye kwawoko kuli njala."

"Kulibe, azakhali. Ndinafunsa."

"Unafunsa?"

"Ndinafunsa mayi Renate. Anati kulibe."

Azakhali anatseka maso kanthawi. Kenaka anatambasula dzanja n'kunena kuti awapatse foni, amuyankhule okha Renate ameneyo, amuphunzitse momwe anthu amalandirira mwana wa eni ake wochokera kutali. Biswick anawapatsadi foniyo, koma anawachenjeza kuti Loweruka mayiyo sayankha za kuntchito, ndipo Lamulungu ndiye kulibiretu. Azakhali anatsonya n'kuibweza.

"Akukudyera masuku pamutu anthu amenewa. Lero mandasi, mawa ukawaphikiranso ndi ana awo omwe."

Biswick anayang'ana pakapepala. "Ana sanalembetse. Ndi anthu fotini, akuluakulu okhaokha. Anayi aliyense, anayi otsalawo ndi oti mwina ena angagwe pansi."

"Sindikuphika."

"Koma ndinalemba kale."

"Unalemba kuti?"

Apa Biswick anaweramitsa mutu, chifukwa anafika pomwe nkhani imamupweteka. Mwezi wake wachiwiri, anatero, anapeza pepala litamatidwa pafiriji ya m'chipinda chopumira. Pamwamba panali dzina lake, m'munsi muli malo olemba tsiku ndi malo olemba zakudya. Mtima wake unayera kuti mbee. Anati anthu awa amaoneka ouma nkhope chabe, koma ulemu ali nawo, mpaka kufunsa mlendo zomwe amakonda. Anasankha Lachisanu, n'kulemba nkhuku yootcha, mpunga ndi mandasi. Pansi pake anawonjezera kuti nkhumba ayi. Anzake ataona anasangalala, ena n'kumamusisita paphewa, ena n'kumafufuza pafoni kuti mandasi n'chiyani.

"Lachisanulo ndinavala suti. Chakudya cham'mawa sindinadye, kusungira malo. Ndinatenganso kakontena koti ndikaikemo zotsala."

"Nanga ukanatani? Unachita bwino."

"Nditalowa ndinapeza onse fotini atakhala kale. Tebulo atayala nsalu. Aliyense mbale patsogolo, foloko m'manja."

"Chakudya?"

"Nanenso ndinakhala pansi, n'kutenga foloko."

"Ndikuti chakudya chinali kuti?"

"Iwo amayang'ana kakontena kanga. Ine ndimayang'ana kuchitseko. Tinakhala choncho mphindi twente-faifi, chifukwa breki yake ndi ya theka la ola. Kenaka mayi Renate anandifunsa ngati chakudya chili m'galimoto. Ndinawauza kuti ndilibe galimoto."

Azakhali anagwira pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Mapewa awo anagwedezeka kawiri, koma anadzigwira, poti kuseka kukanakhala ngati kugonja. Anangoti anthu fotini athunthu, opanda ngakhale mmodzi wamanyazi woti athamange kukagula buledi, ndiye kuti dzikolo lili pamavuto.

Biswick sanaseke. Anati chomwe chimamuwawa kwambiri ndi mayi Gisela, mayi wachikulire wochapa zofunda za okalamba, yemwe kuyambira tsiku loyamba ankamusonyeza basi yoyenera ndi bini yoyenera. Tsikulo mayiyo anabwera ndi mbale yake ya maluwa yochokera kunyumba, nayenso asanadye. Kuchokera pamenepo moni wake unafupika, wangotsala wa kugwedeza mutu basi.

"Amaganiza kuti ndinawanyoza, azakhali. Ine ndimaganiza kuti iwo ndiwo andinyoza. Miyezi itatu yatha choncho. Mayi Renate ndi amene anandikhazika pansi sabata yatha n'kundilongosolera, n'kundipatsa Lolemba."

"Asiye aganize. Munthu umaima pa mwambo wako. Ona ine."

Azakhali analoza khoma la kukhitchini, kuseri kwake komwe kumakhala mayi Jennifer, mzungu wachikulire yemwe anam'peza kale pamdadadawo. Anati chifikire pafulatipo, mayi ameneyo sanabwerepo ndi mbale ngakhale ya mabisiketi. Akakumana pamasitepe n'kungoti "You alright?" uku akupitirira. Iwo kodi anagwada? Anamuphikira? Ayi ndithu. Akudikirabe, ndipo sanafe nako kudikirako.

"Munawamatira pepala?" anafunsa Biswick.

"Pepala lanji?"

"Loti alembe tsiku."

"Iwe, kuno si ku Germany."

"Nanga tsiku lomwe munafika sananene kanthu?"

"Ananena, ndipo n'zomwe zinandikwiyitsa. Makatoni ali mbwee pakhonde, ine thukuta lili kamukamu, iye akugogoda chimanjamanja. Akuti, ‘Mukakhazikika mudzandiitane, tidzamwe tiyi.’ Tamva zimenezo. Ine mlendo, ndiitane iyeyo."

"Ndiye mwakhazikika?"

"Funso lanji limenelo? Makatani awa ndasintha kanayi."

"Munawauza?"

"Kuwauza chiyani?"

"Kuti mwakhazikika."

Azakhali ananyamuka n'kuyamba kupukuta sinki yomwe inali youma kale. Biswick sanadziwe kuti wanena chinthu chachikulu. Iye ankangofuna kudziwa ngati uthengawo unafika, poti kuntchito kwake uthenga wosaperekedwa umalembedwa m'buku. Ataona kuti sakuyankhidwa, anapinda kapepala kake mwachisoni n'kufunsa ngati ku Ilford, dera loyandikana nalo, kuli sitolo yogulitsa mandasi.

"Ogula? Mwana wa mchimwene wanga akadyetse anthu mandasi ogula, n'kumati ndi a ku Malawi?"

"Ndiye muphika?"

"Ndanena kale kuti sindiphikira Majeremani. Ine ndimaphikira alendo anga. Iweyo pano ndiwe mlendo. Udya, ugona, ndipo pochoka ndikupatsa kamba wa paulendo. Umo ndi momwe anthu oleredwa amachitira."

"Kamba wochuluka bwanji?"

"Momwe ungathere kunyamula."

Biswick anatembenukira sutikesi yake. "Imalowa sikisite. Ndinayeza ndi malalanje."

"Zomwe ukachite ndi kamba wako ukakafika, ine sindikufuna kumva."

"Ndikawapatsa anz..."

"Ndati sindikufuna kumva. Tsitsa beseni lili pamwambapo."

Masana onse m'khitchini munali fungo la mafuta. Azakhali ankakanda fulawa ngati kuti ndi amene wawalakwira, uku akulongosola kuti yisiti safuna madzi otentha kwambiri, ndipo moto ukachuluka mandasi amapsa kunja mkati muli muwisi. Biswick ankalemba zonse kuseri kwa kapepala kake. Atafunsa kuti shuga ndi magalamu angati, anauzidwa kuti ndi wokwanira, ndipo iye analemba kuti wokwanira. Azakhali anafuna kuwonjezerapo nkhuku yootcha, koma iye anakana, ati nyama salola kuwoloka nayo, nkhuku ndi mpunga akakonza yekha Lamulungu madzulo mwakachetechete. Iwo anati dziko loopa nkhuku yakufa sanalionepo.

Mandasi atazizira, Biswick anawandandalika m'mapepala n'kuwalongedza m'sutikesi, akuwerenga mokweza. Anakwana sikisite ndendende, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi itatu mtima wake unakhala m'malo. Anaona kale m'maganizo mbale ya maluwa ya mayi Gisela ili ndi mandasi anayi. Koma atatembenuka anapeza ena ali pambale ya galasi, ija azakhali amatulutsa pa Khirisimasi pokha, atavindikiridwa ndi kansalu koyera. Anakweza kansaluko n'kuwerenga.

"Azakhali, mwapyola. Awa ndi khumi owonjezera."

"Si ako."

"Ndi a chakudya chamadzulo?"

"Ayi."

Azakhali anali atavula chitenje cha kukhitchini, atamanga duku watsopano, akuvala nsapato za kutchalitchi. Anatenga mbaleyo ndi manja awiri n'kulunjika kukhomo. Pofika pachitseko anaima, n'kumuuza kuti ateleke ketulo, atulutsenso makapu atatu, osati aja ong'aluka.

"Atatu? Tilipo awiri."

"Ndikukagogoda kwa a Jennifer."

Biswick anakwinya nkhope, akuyesetsa kuti zinthu zigwirizane m'mutu mwake.

"Koma mwanena kuti mlendo saphikira eni mudzi."

"Ndipo saphikiradi."

"Nanga awa?"

"Khala chete, unditsegulire chitseko," anatero azakhali motsitsa mawu. "Anzako aja anadikira mphindi twente-faifi. Mayi uyu wakhala atagwira foloko zaka naintini."