Tsiku Limene Kupuma Kunandisenzetsa Njerwa

Chaka chimene anatenga bambo anga kupita nawo ku Dzaleka, nthawi ya chipani chimodzi ija, ine ndinali mnyamata ngati inuyo, ndevu zitangoyamba kumene, ndipo mtima wanga unali wapachala. Dzaleka imeneyo si ya lero ya mashopu ndi njinga zamoto ayi, inali ndende, ndipo munthu ankapitako chifukwa cha pakamwa basi. Bambo anangodandaula za mtengo wa fodya pamaliro, wina n'kumva. Kunyumba ku Nachisaka tinatsala ine, amayi ndi munda.

Inu masiku ano mumati sitiresi. Ife dzina tinalibe, koma chinthucho chinalipo. Ndikangomva galimoto ikukwera chitunda, chifuwa chinkathina, manja thukuta, mpweya n'kumathera pakhosi ngati nkhuku yothamangitsidwa, ndipo aliyense wondiyankhula ndinkafuna kumudya.

Azakhali anga, a Nabanda, ankatsogolera kwaya kutchalitchi kwathu, ndipo sanali munthu wonyengerera. Anandigwira tsiku lina nditaswa chitseko cha khola.

"Iwe Yohane, ukupuma ngati galu. Ika dzanja pamimba. Koka mpweya ndi mphuno mpaka dzanjalo likwere. Usunge pang'ono. Tsopano tulutsa pakamwa pang'onopang'ono, ngati ukukoka mawu omaliza a nyimbo. Mapewawo gwetsa, akulakwira chiyani? Uzitero usanayankhe munthu, chifukwa akakutenga nawenso, amayi ako adzawalimira ndani?"

Ndinkayeserera kumunda, ndikuseka ndekha, koma chifuwa chija chinkamasukadi.

Ndiye tsiku la msika ku Dowa boma ndayala mbatata zanga, akubwera anyamata a chipani. Wamkulu wawo anandidziwa.

"Si mwana wa wandende uja uyu? Bambo ako akunenepa kumeneko?"

Anamenya mulu wa mbatata ndi nsapato, anzake n'kumaseka. Mawu amene anafika pa lilime panga, ana inu, akanatuluka bwenzi tsiku lomwelo ndikugona pafupi ndi bambo. Ndinakoka mpweya, mimba n'kukwera, ndipo ndinayamba kuutulutsa, fuuu, koma poti milomo inali itauma, panamveka kaphokoso.

"Ukunditsonya?"

"Ayi achimwene, ndikupuma."

"Ukupuma? Tamumvani uyu! Anzako akusenza njerwa za sukulu, iwe uli pano ukupuma? Watopa ndi chiyani? Tiye!"

Ine ndinkanena kupuma kwa mpweya, iye anamva kupuma kwa ulesi, ndipo sindinamukonze. Ndinasenza njerwa mpaka dzuwa kupendeka, msana kuchita kusupuka, mbatata n'kutoleredwa ndi mbuzi. Koma madzulo ndinakwera chitunda chakwathu ndi miyendo yanga, ndipo chaka chimenecho munda unalimidwa.

Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Ife mlomo wathu unkathera pamsika, wanu uli pa chala, ndipo ukangodina foniyo wafika kale ku Lilongwe mtima usanabwerere m'malo. Sindikuti muzimeza chilichonse ayi, zoyenera kunena muzinena, nthawi yake ndi ino. Ndipo chifuwa chikamathina masiku ambiri, uzani munthu, pitani kuchipatala, si manyazi. Koma wina akakuputani, yambani mwatulutsa mpweya wonse, pang'onopang'ono, kenako muone ngati mawu aja akadalipo. Amene atsalewo ndiye anu.