Apongozi a Zakariya pa Gome la Shapa

Kale lija, nkhondo ili mkati, Apwitikizi akadalamula dziko lino, ife a ku Lifidzi tinkangomva mphekesera kuti ku Tete kuli makina oona mafupa a munthu wamoyo osamung'amba, ndipo ena ankati ndi ufiti wa azungu, ena ankati amayamwa magazi, koma ine Marita ndinakawaona ndi maso angawa. Senderani kuno ana inu, nkhaniyi siyonenera patali.

Mlongo wanga Zakariya atamaliza shikola ku Fonte Boa, ansembe anamupezera malo pachipatala ku Tete. Anayamba ndi kunyamula odwala, kenako mzungu wa makinawo, amene tinkamutcha Kamvuluvulu chifukwa cha ukali wake, anamutenga kuti amuphunzitse kujambula shapa, zithunzi zakuda za mafupa zija. Masiku ano mumakhala m'kalasi zaka ndi mabuku, koma nthawiyo unkaphunzira utaima kumbuyo kwa mwini ntchito, kutsuka mashapa m'kachipinda kamdima konunkha mankhwala, utavala chovala cha mtovu cholemera ngati thumba la mbatata. Ndipo lamulo lalikulu linali limodzi: mkazi aliyense, usanayatse makina, umufunse ngati ali ndi pakati, chifukwa kuwala kwake kumaononga mwana m'mimba. Mnyamata wina wa ku Domwe anaiwala kufunsa, anamuvula bata yoyera, chovala cha ogwira ntchito pachipatala, tsiku lomwelo, mwezi usanathe turopa, gulu la asilikali a Apwitikizi, inamutenga kunkhondo, ndipo amake sanamuonenso. Choncho bata ija ndiyo inali mpanda wa Zakariya. Akangoivula, asilikali anali pakhomo. Amayi athu ankaonda nazo zimenezi kumudzi.

Tsono mkazi wake Rozina atachira, ine ndi amake a Rozina, aNangozo, tinakwera kamyawu, lole ya katundu, kukaona khanda. Inu a lero mumadyera mbale imodzi ndi apongozi anu, mpaka kujambulitsa mutagwirana mapewa, koma kwathu mkamwini akaona apongozi panjira ankalowa m'chimanga, ndipo mawu ankadzera mwa munthu wina. Tili m'nyumba muja, Zakariya ankagona pakhonde la chipatala kuthawa apongozi.

Apa ndichepetse mawu. Amuna a aNangozo anali ku Joni, mvula yachitatu osabwera, koma amayiwo m'kamyawu anasanza njira yonse, ndipo ku Tete ndinawapeza kuseri kwa nyumba akutafuna dothi la pachulu. Ine shikola ndinalekezera panjira, koma zotere sindinalepherepo.

Tsiku lina tikuchapa matewera ku Zambezi, aNangozo anaterereka pamwala nagwera chiuno, osathanso kudzuka. Kuchipatala adotolo anati ajambulidwe shapa. Ndipo tsoka lake, sabata imeneyo ndi imene Kamvuluvulu ankamuyesa Zakariya kugwira ntchito yekha, iye ataima pambali manja atapinda. Titawalowetsa amayiwo, mlongo wanga anangouma ngati chitsa.

“Bwana,” anatero m'Chipwitikizi, “awa ndi apongozi anga.”

“Muno mulibe apongozi, muli chiuno,” anatero Kamvuluvulu. “Ngati sungathe, bata ukoleke pamsomali apo.”

ANangozo anali atadzifunda nsalu kumutu. Ine ndinapempha kuti ndikhale manja a mlongo wanga, mzungu anangokweza mapewa. Zakariya anatembenukira kukhoma, nayamba kulankhula ndi khomalo.

“Alongo, auzeni agone chagada. Mwendo wamanzere muuwongole pang'onopang'ono. Ngati ali ndi mikanda m'chiuno, achotse.”

“Mikanda yanga yawalakwira chiyani akamwiniwa?” anatero aNangozo mkati mwa nsalu.

“Imaoneka pa shapa, amayi,” ndinatero. “Mukufuna adotolo aiwerenge?”

Anachotsa akung'ung'udza. Zonse zinakonzeka, kunangotsala funso lija, ndipo ndinaona thukuta likutsika m'khosi mwa Zakariya mpaka kunyowetsa bata. Taganizani ana inu: kufunsa apongozi ako za pakati, amuna awo ali ku Joni, si kuwatukwana kumeneko? Akanakwiya, akanamutenga Rozina ndi khanda lomwe kubwerera nawo kumudzi. Koma kusafunsa, msomali uja unali pomwepo, ndipo maso a Kamvuluvulu anali pa iye ngati kabawi. Khoswe anali atakhala pamkhate.

Dzanja la Zakariya linayamba kulowera ku makina. Ine ndinatsokomola chitsokomolo choti ngakhale wogontha akanamva. Dzanja linabwerera.

“Alongo,” anatero, mawu ngati a mwana, “afunseni ngati mwezi akuuona bwino.”

“Marita!” anakuwa aNangozo. “Apenga amenewa? Sadziwa kumene kuli abambo a Rozina?”

“Alongo, auzeni andikhululukire, ndi lamulo la ntchito, timafunsa ngakhale masisitere. Auzeni kuti kuwala kwa makinawa kumapyola mnofu, ndipo mukakhala kanthu m'kati, kamatha kuonongeka. Akati mulibe, ine ndiyatsa.”

Makina okha ankang'ung'uza. Ine lilime linkandiyabwa ngati ndadya chitedze, chifukwa mawu anali kale pamlomo, koma ndinadziwa kuti akachokera kwa ine, mlamu wa mwana wawo, ikhala nkhondo ya mabanja awiri yoposa ya kuthengo ija. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinangowagwira chala chakuphazi n'kuchifinya.

“Ati bwanji?” anafunsa Kamvuluvulu, akugogoda phazi pansi.

Zakariya anaika chala pa makina. Ndipo pamenepo nsalu ija inagwedezeka, munatuluka mawu aang'ono kwambiri.

“Marita. Uwauze asayatse.”

Mlongo wanga anachotsa dzanja ngati wagwira khala lamoto. Anamuuza mzungu kuti wodwalayu sajambulidwa, ali ndi pakati. Kamvuluvulu anayang'ana nsalu ija, nayang'ana Zakariya, kenako anatuma munthu kukaitana adotolo. Adotolo anapima chiuno ndi manja, nati fupa silikuoneka lothyoka, amayiwo angogona masabata angapo. Potuluka, mzungu sanamuyamike Zakariya, sanali munthu woyamika. Anangoti, “Mawa ulawire, mankhwala otsukira afooka.” Mawa! Mawu amenewo ine ndinawamva ngati nyimbo ya paukwati. Zakariya analowa m'kachipinda kamdima kaja nadzitsekera, ndipo anatuluka maso ali psuu, akuti ndi mankhwala. Anaphunzira mpaka kumaliza, ufulu unamupeza akadali m'bata yake.

Nanga aNangozo? Ee, mwafunsa bwino. Nthawi yokumba mbatata kunabadwa mwana wamwamuna wa makutu otambalala, ofanana ndendende ndi a mkulu wina wogula nyemba ku Domwe. Dzina la mkuluyo sinditchula, adzukulu ake ena mwakhala nawo pamphasa pomwepa, musayang'anane. Mlandu unakambidwa, mbuzi inaperekedwa, amuna aja atabwera ku Joni anakalipa mwezi umodzi kenako anazolowera, pakuti nawonso tinamva kuti anasiya ana awo kumeneko. Koma aNangozo ndi Zakariya sanaonanenso maso mpaka imfa. Chaka chilichonse amayiwo ankangotumiza dengu la nyemba ku Tete, osanena kuti n'la chiyani.

Ndiye atsikana inu, ndi anyamata amene mukufuna ntchito za chipatala, funso likakhala lolemera pakamwa, lifunseni ndithu, ndipo mukafunsidwa yankhani zoona, ngakhale mutafunda nsalu kumutu. Manyazi a aNangozo anatha mvula isanagwe kawiri, koma mwana uja lero ali ndi imvi, ndipo miyendo yake yonse ndi yowongoka.