Ndinadikira Mkazi Wina Pamaliro a Amuna Anga

Abale anga mwa Ambuye, yewo chomene pondipatsa mpata. Ine ndine NyaBanda. Kwathu ndi ku Kasungu, koma ndinakwatiwa kuno ku Edingeni ndili mtsikana. Lero onani, mutu wayera.

Moyo wanga wakale unali wa nsanje ndi kachasu.

Amuna anga, malemu a Moyo, anali dalaivala wa thiraki. Ankanyamula mabelo a fodya, feteleza, mchere. Mwezi uno Beira, mwezi wamawa Dar es Salaam. Nditangolowa m'banja, amayi ena kuchitsime anandiuza kuti, "Mwana iwe, dalaivala amakhala ndi khomo pa boda iliyonse." Mawu aja ndinawameza, ndipo anamera mizu.

A Moyo akafika, ana ankathamangira kumsewu. Ine ndinkathamangira chikwama chawo, kukanunkhiza malaya. Akandipatsa chitenje, ndinkati, "Chinzake mwapatsa ndani?"

Iwo ankangoti, "NyaBanda, msana ukuwawa. Madzi osamba alipo?"

Kukacha, awo ali padenga kukhoma malata. Awo ali kumunda ndi ana. Wamng'ono akadwala, ankamubereka okha kumbuyo, anthu akuseka. Ine mumtima ndinkati ndi manyazi amenewo, akubisa zawo.

Kachasu ndinamuyamba kuti mtima uzizireko. Kutchalitchi ndinasiya. Ana anakula, adzukulu anabadwa, ine ndili chomwecho. Shuga itawagwira a Moyo, anasiya chiwongolero. Ndinawadwazika, inde, koma mawu okoma sindinawapatse. Anatsirizikira kuchipatala cha pa Boma.

Pamaliro ndinalira, koma diso langa linali pa amayi achilendo. Ndinati lero ndimuona mkazi uja. Mawu omulalatira ndinali nditawakonza kalekale.

Tisananyamuke kupita kumanda, akulu awo a malemu anaimirira. Anati, "Mng'ono wangayu anali munthu wa pamsewu. Ngati pali mayi kapena mwana amene banja silikumudziwa, aimirire timuone."

Anthu anangoyang'anana.

Anabwereza m'Chitumbuka. Palibe anaimirira.

Amene anadzuka ndi a Gondwe, dalaivala mnzawo, mdala wa mimba yake. Anati, "Adada, musavutike. Moyo ife tinkamuseka. Tikaima pa boda ya Songwe, ife uko kosangalala, iye mbwenu ali pansi pa thiraki akukazinga tiusipa, kutitopetsa ndi nkhani za ana ake. Amama NyaBanda, ululani lero. Munthu uja munamudyetsa chiyani?"

Anthu anaseka, pamaliro pomwepo.

Ndinawadyetsa chiyani? Mawu owawa basi. Mkazi amene ndinalimbana naye mpaka imvi kunalibe. Ndinamuumba ndekha, n'kumugoneka pakati pathu.

Anthu atabalalika, ndinasiya kudya. Ndinkamwa, n'kupita kumanda kukapepesa. "A Moyo, ndikhululukireni." Dothi silinayankhe. Ndinafuna kungowatsatira.

Tsiku lina masana, mlamu wanga NyaMoyo, mlongo wawo wa malemu, anandipeza nditagona pamtumbira, fumbi thupi lonse.

"Mlamu, ndapota, dzukani. Achimwene sakukumvani pamenepo. Koma Uyo ankamuuza za inu amamva."

"Za ine?"

"Eya. Akabwera kwathu ankati, 'Tiyeni timupempherere NyaBanda, mtima wake supuma.' Choipa chanu sanatchulepo."

Abale, ndinalira ngati mwana. Ine ndikufufuza m'matumba mwawo, iwo akundinyamula kupita nane kwa Mulungu. Tinagwada pomwepo, ine ndi mlamu wanga. Pemphero ndinali nditaiwala. Ndinangoti, "Yesu, ndine uja a Moyo ankanena. Ndabwera mochedwa."

Sanandibweze.

Kuyambira pamenepo kachasu sanadutsenso pakhosi panga. Ndinayamba kudya. Adzukulu anasiya kundithawa. Chisoni sichinathe ayi, sindikunamizani. Ndikamva thiraki ikukwera chitunda, ntchito imagwa m'manja. Koma katundu amene ankandikokera kumanda uja, Yesu anamutula. Dzina lake lilemekezeke.

Ndikuona amayi achitsikana ambiri muno, ana anga, amuna anu ali ku Joni, ena ali pamsewu. Sindikuti onse ndi a Moyo, ayi. Koma ngati moto unandipsereza ine ukukupserezani, osaupirira nokha mpaka imvi. Bwerani kutsogolo kuno, ndigwada nanu. Ine ndinapepesa dothi. Wanuyo akadali ndi makutu.